CG125 ya madala: injini yomwe inagona zaka 13 m'chipinda cha chimanga

Njinga yamoto imeneyi, ya Honda CG125, inafika kwanga ku Area 25 itakwera kalole ka kachewere kuchokera ku Dedza, itamangidwa ndi malinya, matayala onse awiri ataphwa mpaka kuuma gwa. Anaibweretsa ndi mwana wa mwini wake, bambo wa zaka za m'ma 40 amene amagwira ntchito mu ofesi ina mtauni muno. Mwini wake weniweni ndi madala, mlangizi wa zaulimi wopuma, ndipo iwo nthawi imeneyo samadziwa n'komwe kuti njinga yawo yatuluka m'nyumba, mwanayo amafuna adzangoiona ikulira. Mawu ake oyamba sanali a injini ayi, anati "achimwene, ine ndikufuna iwale ngati yatsopano, penti ndagula kale." Nde anatulutsadi zitini ziwiri za sipuleyi ya siliva, ija timapopera mageti. Ndinazilandira n'kuziika pa shelefu, mpaka lero zili pomwepo.

Ine galaja ndilibe, ndimagwirira pakhonde la kuseri kwa nyumba ndipo zambiri zomwe ndimakonza ndi njinga za akabaza. Nde kwa ine injini iyi siinali yachilendo, chifukwa zambiri za ku China zomwe zadzaza mmisewu yathuyi anakopera pa iyoyi. Honda anayamba kupanga CG125 mu 1975, ndipo anaipangira dala maiko ngati athu ano komwe anthu amachedwa kusintha oilo komanso amanyamula katundu wopyola muyezo. N'chifukwa chake anaipatsa ma pushrod, tindodo tachitsulo tokankha mavalavu, mmalo mwa timing chain, ndipo kamu yake ili ndi linunda limodzi lokha lomwe limatsegula mavalavu onse awiri. Ndi ya 124cc, bowo la silinda 56.5 mm, pistoni imayenda 49.5 mm. Iyi ya madala blue book imati ndi ya 1978, magetsi a 6 volts, moto wa pa pulagi ndi wa mapointi (tizitsulo totseguka n'kutseka), kabokosi kamakono ka CDI mulibe.

Mbiri yomwe ndinaitola kwa mwanayo, ndipo pambuyo pake madala anadzaitsimikiza, inali iyi. Anaigula kwa munthu mu 1986, yayenda nawo mmidzi zaka zonsezo osatsegulidwa. Cha m'ma 2010 inayamba kusuta komanso kulira che-che-che kumutu. Anaipereka kwa makaniko wina wa pa trading centre, anasintha maring'i, utsi unachepa miyezi ingapo koma phokoso la kumutu lija linabweranso mokulirapo. Kenako linafika vuto la mafuta lija la 2011, anthu tikugona pa mizere, madala anangoikankhira m'chipinda chosungira chimanga kuti adzaiona zinthu zikakhala bwino. Wina pakhomopo anazula pulagi kukaika pa jenereta, bowo linatsala pululu, denga n'kumadontha dzinja lililonse.

Pomvetsera mbiriyi mtima wanga unakakamira pa chinthu chimodzi: phokoso la kumutu linakula atatsegula injini, osati asanatsegule. Ndinasunga zimenezo.

Kiki inali yolimba ngati aiwotcherera. Sindinaikakamize, ndipo amakaniko anzanga chonde, injini yogwira osaiponda ndi mphamvu, muthyola mano a kiki kapena kupinda con rod pa zinthu zoti zikanamasuka zokha. Ndinatsitsa injini, kuchotsa hedi, ndipo pamwamba pa pistoni panali phala la dzimbiri losakanikirana ndi anankafumbwe akufa, zoona, anankafumbwe mu silinda. Ndinakokolola, n'kuthiramo dizilo wosakaniza ndi ATF (oilo wa magiya a otomatiki) theka theka, kuvindikira ndi chiguduli. Mmawa uliwonse ndimaika kamtengo kozungulira pa pistoni n'kugogoda pang'ono ndi hamala, osati kumenya, kungoidzutsa. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mafuta aja ndinapeza atatsika okha, nditagogoda pistoni inasuntha mwina 2 mm. Madzulo ake block, chitsulo chomwe muli silinda, inali itatuluka.

Masikuluwu a makava anandidyera tsiku lathunthu. Amaoneka ngati sitala wamba koma ndi a mtundu wa ku Japan wotchedwa JIS, ambiri amakhala ndi kadontho pamutu, ndipo sikuludiraiva ya sitala wamba imangoterereka n'kudya mutu. Anayi anali odyedwa kale ndi amene anatsegula poyamba. Ndinagwiritsa impact driver ija yomenya ndi hamala, awiri anakana ndithu mpaka ndinachita kubowola mitu. Flywheel ndinabwereka puller kwa mnzanga, paja pali chizolowezi chomenya nsonga ya kirankishafuti ndi hamala kuti flywheel idumphe, chimenecho ndi chomwe chimapha ma thread komanso kupotoza kiranki.

Nditayala zonse pa chikatoni, zomwe ndinapeza ndi izi. Silinda inali ndi mkombero wa dzimbiri wokumbika pomwe maring'i anagona zaka zonsezo, chikhadabo chimakodwa. Bore gauge ndilibe, nde ndinatenga ring'i yatsopano ya standard, kuilowetsa ndi pistoni kuti ikhale mowongoka, n'kuyeza mpata ndi feeler gauge. Kumunsi kwa silinda mpata unali pafupi ndi bwino, kumtunda unapyola 1 mm, pomwe umayenera kukhala pakati pa 0.15 ndi 0.35. Apa panalibe zokambirana, maring'i okha sakanathandiza, imayenera kubowedwa. Big end, pomwe con rod imagwira kiranki, ndinaigwedeza mmwamba ndi pansi, siimasewera olo pang'ono, ndinapuma chifukwa kiranki ya CG ndi yopanikiza pa puresi ndipo pakhomo sungaimasule. Magiya ndi ma selector fork zinali bwino kwambiri, zitsulo za nthawi imeneyo zinali zina ndithu. Ma bearing a kiranki amakhulula ngati muli mchenga, anayenera kupita. Kilachi mapuleti anamatana ngati chikondamoyo.

Koma nkhani yeniyeni inali kumutu. Ma rocker, tizitsulo topondereza mavalavu, anali ouma, a buluu chifukwa cha kutentha, nsonga za ma pushrod zitadyeka. Injini yoti mmunsi muli bwino chonchi, kumutu kwapsa, ndiye kuti oilo samafikako. Nditayang'ana pansi pa block ndinapeza kuti makaniko uja sanaike gasiketi yatsopano, anabwezera yakale n'kupaka silikoni wofiira mbali zonse ziwiri mowolowa manja. Pomanga, silikoni uja anafinyikira mkati n'kutseka kanjira ka oilo kopita kumutu. Ndinatokosa ndi kawaya, munatuluka kanyongolotsi kofiira kotalika ngati chala changa chaching'ono. Kanthu kameneko ndi komwe kanagoneka njinga ya madala, osati ukalamba.

Chachiwiri chinali sefa. Ambiri timangodziwa kasefa ka waya kaja kamene kamatuluka ndi sipuling'i potaya oilo wakale, koma CG ili ndi ina kumanja pa nsonga ya kiranki, kachitini kozungulira komwe kamaponyera zinyalala m'mbali injini ikamazungulira. Chivindikiro chake chili ndi masikuluwu atatu, mkati muli nati ya mano anayi yofuna soketi yakeyake, yanga ndinachita kusema pa soketi yakale ndi grinder. Iyi sikuoneka kuti inatsegulidwapo chichokereni ku Japan. Munali dothi lakuda lolimba loti ndimachita kupala ndi sikuludiraiva ngati nkhoko za nsima, litadzaza mpaka pakamwa. Ikadzaza choncho siigwiranso kanthu, zinyalala zimangodutsa kupita ku big end.

Ndinamuimbira mwini ntchito kuti abwere aone ndi maso, chifukwa ndalama zomwe anakonzera penti zimayenera kupita kwina. Anafika, anayang'ana kanyongolotsi kaja pa chikhatho changa, n'kufunsa kuti "nde penti tipaka liti?" Ndinamuuza kuti bwana, penti ndi yomaliza kuganiza koma tipaka injini isanamangidwe, ndipo si iyi mwagulayi. Tinagwirizana zitatu. Block tibowe ya Honda yomweyo osati kugula block yathunthu ya ku China, ngakhale yachainayo inali yotchipa kuposa kubowa ndi pistoni pamodzi, chifukwa chitsulo cha yakaleyi ndimachikhulupirira komanso madala akanazindikira. Ma bearing, masilo ndi magasiketi zonse zatsopano. Mapointi tiwasiye, tisasinthire ku CDI, poti amafuna njinga ya bambo ake osati ya kabaza.

Pogula pistoni mmashopu a mu Malangalanga muja pali msampha. Onse amangoti "ya CG", koma pali za pini ya 13 mm ndi za 15 mm, iyi ndi ya 15. Ndinanyamula pistoni yakale m'thumba ndi vernier. Ndinasankha 0.50 kudumpha 0.25, chifukwa dzimbiri linakumba kwambiri moti 0.25 ikanasiya zipsera, nde bowo linapita pa 57.00 mm ndipo kwatsala 0.75 ndi 1.00 za mtsogolo. Kwa obowa ndinapita ndi pistoni yatsopanoyo m'manja. Osatumiza block yokha n'kunena nambala pafoni, iwo amayenera kuyeza pistoni yeniyeniyo n'kubowa motsatira iyo, mpata wake ndi wochepa kuposa tsitsi ndipo mapistoni a masiku ano nambala ya pa bokosi ndi ya pa chitsulo sizimagwirizana nthawi zonse. Block itabwera ndinaitsuka ndi madzi otentha a sopo ndi burashi, osati petulo. Petulo sachotsa fumbi la mwala wa honing wosalazira silinda, limakanirira mmizere muja n'kudzadya maring'i atsopano. Umatsuka mpaka kansalu koyera kopaka oilo katuluke koyera, kwa ine kanali kachinayi, kenako kuumitsa n'kupaka oilo msangamsanga dzimbiri lisanabwere.

Apa mpomwe panachitika ngozi yoyamba, ya pakhomo panga pomwe. Ndili ku tauni, mphwanga amene amandithandiza anafuna kundisangalatsa, anatenga ma crankcase onse awiri kupita nawo pa mpopi n'kuwakwecha ndi mchenga ndi sitiliwulu ngati mapoto. Anawaladi, ine kufika mutu unazungulira. Mchenga mu injini ndi poizoni, kambewu kamodzi kokha kakatsala mu kanjira ka oilo ntchito yonse yapita. Ndinataya masiku awiri ndikupopa palafini ndi sirinji mu kabowo kalikonse, kudutsitsa kawaya kokulunga nsalu, kupopa mpweya ndi pampu ya njinga poti kompuresa ndilibe, kutsukanso ndi madzi otentha, mpaka palafini wotuluka ndikamusefa pa nsalu yoyera asasiye kanthu. Sindinamukalipire kwambiri, sindinamuuze ndine. Sitiliwulu nayenso ali ndi vuto lake pa aluminiyamu, timawaya timatsalira m'chitsulo n'kudzachita dzimbiri pansi pa penti, bola burashi ya brass kapena kasiponji kobiriwira kaja.

Tsopano penti, pomwe ndinalakwitsa ndekha popanda wondithandiza. Ndinagula ya injini yeniyeni yopirira kutentha, siliva wa ma crankcase ndi makava, yakuda ya block, komanso etch primer ya makava chifukwa aluminiyamu penti wamba samugwira. Penti yakale ndinachotsa ndi paint remover, kukwecha ndi sandipepa ya 400, kutsuka ndi palafini, kupukuta ndi thinazi, n'kupopera kava ya kumanja ngati yoyesera. Chikhoto choyamba chomwe panatuluka timaso ting'onoting'ono ngati ta nsomba, penti ikuthawa malo ena. Ndinadzinamiza kuti chachiwiri chikwirira. Chinakwiriradi, koma nditaiotcha panatumphuka matuza ndi madontho a bulauni. Chifukwa chake n'chakuti aluminiyamu woumba ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo kava imeneyi yakhala ikumwa oilo zaka zoposa 30. Kupukuta pamwamba sikufika mmenemo, kutentha ndi komwe kumamutulutsa, nde ine ndinamutulutsira pansi pa penti yanga. Palafini nayenso amasiya mafuta ake, si chotsukira chomaliza.

Ndinapala yonse n'kuyambiranso, ulendo uno motere: kuotcha chitsulo chisanapakidwe. Uvuni wa mayi akunyumba sindinayerekeze n'komwe, fungo la penti ndi oilo silichoka ndipo muphikidwanso zakudya. Ndinadula mgolo pakati, pansi kuthira mchenga wokwana zala zinayi kuti moto usafike mwachindunji, kuika njerwa ndi kawaya koyalapo zitsulo, kukhazika pa mbaula, pamwamba lata ndi makala pang'ono monga amachitira azimayi pophika chigumu. Kutentha ndimayeza ndi kawaya ka multimeter, kusunga pakati pa 90 ndi 100 digiri. Ola limodzi mmenemo zitsulo zinatuluka thukuta lakuda, makamaka mmakona ndi mozungulira mabowo a mabawuti. Kupukuta ndi thinazi zikadali zofunda, kubwezeranso. Ma crankcase anafuna maulendo atatu kuti atuluke ouma. Kuchokera apo osagwiranso ndi manja, ndimavala magolovesi.

Kumata tepi kunatenga nthawi kuposa kupopera. Malo onse ogona gasiketi, mipando ya ma bearing ndi masilo, mkati mwa silinda, bowo la pulagi, ma thread onse ndinatsekamo mabawuti akale. Kunali mu Okutobala, nde masana sikupopereka, penti imauma isanafike pa chitsulo n'kugwa ngati fumbi, pogwira pamakhala pokhakhala, kuonjezera akamvuluvulu a ku 25 kuno. Ndimadzuka 5 koloko, kuwaza madzi pabwalo kuti fumbi ligone, zitsulo zili lende pa waya wa zovala, chitini n'chitaviika m'madzi ofunda kuti penti ituluke yosalala. Zikhoto zitatu zopyapyala, mphindi 10 pakati, choyamba chongowaza moti chitsulo chikuonekabe. Pa zipsepse za block ndi hedi ndimayamba kulozetsa mkati mwa mipata kenako kunja, ndipo pamenepa primer sindinaike, penti yochindikala pa zipsepse ndi bulangete, injini iyi imazizira ndi mphepo basi. Zitauma tsiku lathunthu ndinaziotchanso mu mgolo muja ola limodzi monga chitini chimanenera. Penti ya mtunduwu ikapanda kuotchedwa imakhala yofewa, dontho limodzi la petulo imasungunuka.

Kumanga sikunavute, ndingotchula malo omwe anthu amagwa. Ma bearing anagona mu fuliji usiku, crankcase n'kuifunditsa mu mgolo womwe uja mpaka dontho la madzi lizithetheka, analowa okha popanda hamala. Giya ya kamu ndi ya kiranki zili ndi timadontho toyenera kuyang'anana, ukaphonya dzino limodzi iliradi koma yopanda mphamvu ndipo udzasakasaka vuto mu kabuleta mwezi wathunthu. Washala wa nati ya sefa ija analembapo OUT SIDE, mawuwo ayang'ane kwa iwe. Pistoni chilembo cha IN chiloze ku kabuleta, mipata ya maring'i itatu isayang'anane, ma circlip atsopano ndipo tsekani kamwa ya crankcase ndi nsalu musanawaike, kakagweramo mung'ambanso injini. Mavalavu ndinawapera ndi paste mpaka mkombero wotuwa wosaduka, kuyesa ndi palafini mmadoko, sanadonthe. Ma rocker ndi ma pushrod ndinaika ena. Silikoni sanalowe paliponse, magasiketi ndinangowapaka girisi pang'ono. Ma tappet, mpata wa pakati pa rocker ndi valavu, 0.08 mm onse awiri injini ili yozizira, flywheel ili pa chilembo cha T, mapointi mpata 0.3 mpaka 0.4 mm ndipo azitseguka pa F. Oilo lita imodzi ya njinga, osati wa galimoto zamakono amene amatereretsa kilachi yonyowa.

Ndisanaike pulagi ndinasiya chivindikiro cha hedi chomasula n'kuponda kiki mpaka mwendo kuwawa, kudikira kuona oilo akufika kumutu. Atatulukira ndi pomwe ndinamanga. Pa injini ya mbiri ngati iyi sindikanailiza ndisanaone zimenezo ndi maso anga.

Nde tsiku loliza, mwini ntchito ali pompo foni ili m'manja kujambula, njinga zii. Kompuleshoni yabwino, petulo akufika, moto pa pulagi wofiira wofooka, nthawi zina osaoneka n'komwe. Ndinasintha kondensa, chimodzimodzi. Kupukuta mapointi, chimodzimodzi. Ndinayamba kukayikira koilo, mpaka mphwanga yemwe uja, amene anali atagwirizira sipanala pakati pa injini ndi chassis mwangozi, anati "amalume pondaninso, ndaona moto wabuluu." Vuto linali penti yanga. Makutu a injini omangira ku chassis ndinawapopera bwinobwino, chassis nayonso mwana wa madala uja anali ataipakitsa kwina yakuda yochindikala, nde injini ndi chassis sizimakhudzana chitsulo kwa chitsulo, earth panalibe. Ndinapala penti mozungulira mabawuti awiri, kupaka girisi, n'kuonjezera kawaya ka earth kuchokera pa injini kupita pomwe pamangidwa koilo. Kiki yachiwiri inalira. Utsi unatuluka mphindi zochepa, oilo wa pomanga uja, kenako mbee, kumutu kukungomveka kachiphokoso kabwinobwino ka ma pushrod.

Ndinaiyendetsa ndekha sabata ziwiri, osaikoka kwambiri komanso osaisiya ikulira malo amodzi nthawi yaitali, kusinthasintha magiya. Pa 100 km ndinataya oilo, anali ndi kunyezimira pang'ono kwa maring'i akukhazikika, kasefa ka waya koyera, mchenga olo kambewu. Ma tappet anali atamasuka pang'ono, ndinabwezera pa 0.08, manati a hedi ndinawayesanso. Kabuleta inasefukira kamodzi usiku chifukwa cha float valve yakale yomwe ndinaiderera, petulo anagona pamwamba pa crankcase mpaka mmawa, penti siinasungunuke koma inasiya chibanga chachikasu chomwe chikuoneka ukayang'anitsitsa. Pa 500 km ndinasinthanso oilo n'kutsegula sefa ya pa kiranki, munali kautoto kopyapyala basi.

Inabwerera ku Dedza ikuyenda yokha pa M1, mwanayo akuyendetsa ine ndikutsatira pa yanga. Madala anaizungulira kawiri osayankhula, anagwada n'kuyang'ana nambala ya injini, kenako anandifunsa ngati block ndi yomwe ija. Nditavomera anati "chabwino mwanawe, nanga chinavuta chinali chiyani?" Ndinawapatsa kanyongolotsi ka silikoni kaja, ndinali nditakasunga mu kabotolo ka mankhwala. Pano yadutsa 2,000 km, amapita nayo ku tchalitchi ndi ku Linthipe kukaona munda, oilo sikudya. Silo ya pa shafuti ya giya yayamba kunyowa pang'ono, ndinaika yotchipa poti yabwino inasowa tsiku limenelo, ndawauza kuti ndidzaisintha akabwera nayo mwezi wamawa kudzasintha oilo.